Pampu ya pansi pa boti imafuna diso Mwera usanayambe

Ku America ndi ku Canada nyumba zambiri zili ndi chipinda cha pansi pa nthaka. Pakona pake amakumba kadzenje n'kuikamo pampu yotulutsa madzi osefukira. Ku Metangula, Messumba ndi Cóbuè, m'boma la Lago ku Niassa, nyumba zotere sizioneka. Koma pampu ya mtunduwu ntchito yake ilipo, ndipo ili m'boti.

Boti la matabwa siliuma. Madzi ena amalowera m'mipata, ena amadza ndi mafunde, ena ndi chilimira chonyowa, ndipo onse amatsikira kunsi kwa matabwa opondapo. Asodzi ambiri amakapabe ndi chigubu chodula pakati. Nyanja ikakhala bata, chigubucho chimakwanira. Vuto limadza kuyambira Juni mpaka Ogasiti, Mwera ukamakuntha, boti lochoka ku Cóbuè kupita ku Likoma litadzaza anthu ndi matumba a ufa. Wokapa amatopa madzi akulowabe.

N'chifukwa chake eni maboti ena amaikamo kapampu ka batire la mavolti 12. Kamakhala pamalo otsika kwambiri, ndipo pambali pake pamakhala kachoyandama. Madzi akakwera, kachoyandamako kamanyamuka n'kuyatsa pampu. Akaphwa, kamagwa n'kuzimitsa.

Chimene chimapha pampuyi kawirikawiri ndi zinyalala. Mamba a usipa, mchenga wa m'mapazi ndi tizingwe ta ukonde zimatseka sefa ya kunsi kwake. Kachingwe kamodzi kakakulunga kachipangizo kozungulira ka m'kati, pampu imangolira osatulutsa kanthu, mpaka kupsa. Mwini boti wosamala amachotsa sefayo n'kuitsuka sabata iliyonse, kenako amathira ndowa ya madzi pansi pa boti lili pagombe. Pampu ikuyenera kuyaka yokha, madzi atuluke mwamphamvu, izimenso yokha. Amayang'ananso mawaya, poti olumikizidwa m'madzi amachita dzimbiri lobiriwira, ndi paipi, kuti isapindike komanso kukamwa kwake kukhale pamwamba pa madzi a m'nyanja. Paipi yotsika imabweza nyanja m'boti.

Pampu yoyamba kulira mwachilendo, kutentha, kapena yofuna kugogodedwa kuti iyake, yatha ntchito. Kuisunga n'kuika miyoyo ya okwera pachiswe. Yatsopano ikhale ya mavolti ofanana ndi batire, ya paipi yofanana kukula ndi yakale, ndipo fyuzi isaiwalike. Poti zida zotere sizipezeka pagolosale ya m'mudzi, ndi bwino kuziitanitsa msanga ku Lichinga, mphepo isanayambe.

Ndipo chigubu chija chisatsike m'boti. Batire limene layatsa nyale zokopera usipa usiku wonse limafika m'bandakucha litafooka, nthawi yomwe boti likubwerera kugombe litalemedwa ndi nsomba.