Kalabu Yanu Ikhalenso Sukulu ya Matenda a BP

Alimi anzanga, mumadziŵa kale ubwino wa kalabu: mumaphunzirira limodzi kufesa nazale, kuthira feteleza ndi kusankha fodya. Kalabu yomweyo ikhoza kukuthandizaninso pa matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri timati BP.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malaŵi, mmodzi ali ndi matendaŵa, ndipo ambiri sadziŵa. Munthu amalima bwinobwino osamva kupweteka, pamene mtima ndi impso zikuwonongeka. Tsiku lina amangogwa, ziwalo za mbali imodzi zafa. Zikachitika nthaŵi yothyola fodya, fodya amapserera m'munda, ngongole ya zipangizo ili chidikirire.

Ku Neno, kuyambira 2015, boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linakonza zoti odwala BP, shuga ndi matenda ena okhalitsa azithandizidwa pa zipatala zazing'ono za kufupi ndi kwawo. Inu a m'midzi yakutali ndi m'maesiteti mungayambe ndi zimene muli nazo.

Pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti afike pa msonkhano wa kalabu. Aliyense ayezetse. Makina akaonetsa 140 pa 90 kapena kupitirira apo pa masiku aŵiri osiyana, pitani kuchipatala.

Amene apatsidwa mankhwala azikumana mwezi ndi mwezi, nakumbutsana izi:

Mankhwala, monga hydrochlorothiazide kapena amlodipine, amwedwe tsiku lililonse. Kupeza bwino sikuchira ayi. Mukasiya, BP imakweranso.

Mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti sipuni yaing'ono yatiyi. Nsomba zamchere ziviikidwe m'madzi zisanaphikidwe. Amene amaphika pakhomo akhalepo pa phunziroli.

Chingambwe ndi kachasu zimakweza BP. Tsamba lonyoŵa nalo limaloŵetsa nikotini kudzera pakhungu, tsono valani malaya a manja aatali pothyola, ndipo musinthe akanyoŵa.

Sankhani mlembi woti azisunga masiku a kuchipatala a aliyense. Dzinja lisanafike, kambiranani ndi achipatala za mankhwala okwanira, popeza milatho ikaduka ulendo umavuta. Eni maesiteti apereke tsiku lopita kuchipatala osadula malipiro.

Wina akapindika kamwa, dzanja kulefuka, kapena kulankhula movutika, musadikire kuche. Mtengereni kuchipatala nthaŵi yomweyo.