Kafukufuku wa M'mafakitale ndi Misika ya Mbewu: Phunziro Lochokera ku Bulawayo

Mlimi akamabzala thonje, mapira kapena soya, amakhala akudalira wogula amene sanamuonepo. Kawirikawiri wogulayo ndi fakitale ya m'tauni. Fakitale ikachepetsa ntchito, imachepetsanso kugula mbewu, ndipo mitengo imagwa mlimi atawononga kale ndalama zake m'munda. Chuma cha dziko chimakwera kwa zaka zingapo, nkutsika, nkudzakweranso. Njira imodzi yodziwira msanga kumene chikulowera ndiyo kufunsa eni mafakitale ndi amalonda. Alangizi a zaulimi ayenera kudziwa kuwerenga zotsatira za kafukufuku wotereyu.

Chifukwa chake cha Bulawayo

Mzinda wa Bulawayo unatchuka ndi mafakitale, kotero Amandebele anaupatsa dzina loti koNtuthu ziyathunqa, kutanthauza malo ofuka utsi. Ambiri mwa mafakitalewo anakhazikika pa zokolola za alimi: ng'ombe zinkapita ku Cold Storage Commission, thonje kwa oomba nsalu, mbewu za mafuta ku United Refineries, ndipo mapira ku Ingwebu, kofululira mowa wamasese. Kumwera kwa mzindawu kuli malo a kafukufuku a Matopos, kumene bungwe la ICRISAT linayamba ntchito yotukula mapira ndi mchewere m'maiko a SADCC m'zaka za m'ma 1980.

Chilala cha 1991/92 chinaonetsa poyera mgwirizano wa munda ndi fakitale. Zokolola zitalephera, mafakitale anasowa zipangizo, alimi anasowa ndalama zogulira katundu, ndipo madamu omwetsa mzindawu anatsala pang'ono kuphwa. Ntchito za mafakitale m'Zimbabwe zinatsika kwambiri mu 1992.

M'mene kafukufukuyu amachitikira

Njirayi inatchuka ndi bungwe la ifo la ku Munich, ku Germany, limene linayamba kufunsa makampani mu 1949. Mafunso ake ndi ochepa ndi osavuta. Mkulu wa kampani safunsidwa kuti aulule ndalama zimene wapeza. Amangofunsidwa ngati katundu amene akupanga, maoda amene walandira, katundu wotsalira m'nkhokwe ndi chiwerengero cha antchito zakwera, zatsika kapena sizinasinthe, komanso zimene akuyembekeza m'miyezi ikudzayo.

Kawerengedwe kake nkotere. Mwachitsanzo, mwa makampani 100 alionse, 45 anena kuti maoda akwera, 30 kuti sanasinthe, ndipo 25 kuti atsika. Kuchotsa 25 pa 45 kumasiya 20, kusonyeza kuti malonda akukula. Njira ina, yotchedwa PMI, imaphatikiza onse amene anena kuti zakwera ndi theka la amene anena kuti sizinasinthe: 45 ndi 15 zipanga 60. Nambala yoposa 50 imasonyeza kukula, yochepera 50 imasonyeza kutsika.

Phindu lake lagona pa changu. Ziwerengero za boma za chuma chonse zimatuluka patapita miyezi yambiri, pamene mayankho a makampani amapezeka m'masabata ochepa. Komanso maoda amayamba kuchepa fakitale isanachotse antchito kapena kuleka kugula mbewu, choncho ndiwo amayamba kuchenjeza.

Zimene ziwerengero za ku Zimbabwe zaonetsa

Bungwe la Confederation of Zimbabwe Industries, CZI mwachidule, limachita kafukufuku wa mafakitale chaka ndi chaka. Nambala yodziwika kwambiri ndi yosonyeza gawo la mphamvu za mafakitale limene likugwiradi ntchito. Fakitale yotha kuyenga matani 100 ikamayenga matani 40 okha, ndiye kuti ili pa 40 peresenti.

Mu 2008, mitengo ya zinthu itakwera mosaneneka, nambalayi inali pansi pa 10 peresenti. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito ndalama zakunja mu 2009, inafika pa 32.3, nkukwera mpaka 57.2 mu 2011. Kenaka inatsika: 39.6 mu 2013, 36.3 mu 2014, ndi 34.3 mu 2015. M'zaka zimenezo mafakitale ambiri a ku Bulawayo anatsekedwa kapena kusamukira ku Harare. Mu 2016 inakwera kufika pa 47.4, koma mu 2019 inagweranso pa 36.4 chifukwa cha chilala, kuzima kwa magetsi madzi atachepa ku Kariba, ndi kusowa kwa ndalama zakunja.

Chaka cha 2016 chili ndi phunziro lapadera. Mvula ya 2015/16 inavuta kwambiri, komabe nambala inakwera, makamaka chifukwa cha lamulo la Statutory Instrument 64 limene linachepetsa kulowa kwa katundu wina wochokera kunja. Motero nambala payokha siinena chifukwa chimene yasinthira. Woiwerenga ayenera kufunsa ngati yasuntha chifukwa cha mvula, ndalama, magetsi kapena lamulo.

Maiko oyandikana nawo

Ku Zambia, Bank of Zambia imafunsa amalonda maganizo awo miyezi itatu iliyonse, ndipo Stanbic Bank imatulutsa PMI mwezi ndi mwezi. Chilala cha 2023/24 chitachititsa kuti Zambia, Malawi ndi Zimbabwe alengeze kuti agwa m'ngozi, PMI ya Zambia inakhala pansi pa 50 kwa miyezi ingapo mu 2024. Ku Mozambique PMI imatulutsidwa ndi Standard Bank. Ku Malawi, bungwe la MCCCI lakhala likufunsa makampani za m'mene malonda akuyendera. Ku South Africa, bungwe la Agbiz limayesa chikhulupiriro cha makampani a zaulimi okha miyezi itatu iliyonse. Poti mbewu, ng'ombe ndi feteleza zimadutsa malire, mlangizi wa ku Tete kapena Chipata amapindula podziwa za mafakitale a tsidya lina.

Pofunika kusamala

Kafukufukuyu amafunsa makampani olembedwa m'kaundula, chonsecho malonda ambiri a mbewu amachitika m'misika ndi m'zigayo zazing'ono. Mayankho ake ndi maganizo a anthu, ndipo nkhani imodzi yochititsa mantha ingawagwetse mwezi umodzi. Nambala ya CZI ndi ya dziko lonse, si ya Bulawayo yekha, ndipo imatuluka kamodzi pa chaka.

Malangizo kwa alangizi

1. Yang'anani kumene nambala yalowera kwa nyengo zitatu zotsatizana, osati kamodzi kokha.
2. Werengani gawo la mafakitale a zakudya, zakumwa ndi nsalu, chifukwa ndiwo amagula kwa alimi.
3. Ikani zotsatirazi pambali pa ulosi wa mvula umene msonkhano wa SARCOF umatulutsa dzinja lisanayambe.
4. Miyezi itatu iliyonse funsani ogulitsa zipangizo zaulimi, eni zigayo ndi ogula mbewu a m'dera lanu mafunso omwewo, ndipo lembani mayankho m'buku limodzi.

Maoda akamachepa kwa nyengo zingapo ndipo katundu akuunjikana m'nkhokwe za mafakitale, alimi alangizidwe kuti apeze wogula wodalirika asanakulitse munda wa mbewu yogulitsa, asatenge ngongole yaikulu, ndiponso asunge gawo lokwanira la mbewu za chakudya.