Kuswana kwa chokka kugombe la South Africa: zomwe kafukufuku wapeza

Chokka ndi mtundu wa squid, nyama ya m'nyanja yamchere yopanda mafupa, ya miyendo khumi. Dzina lake la sayansi ndi Loligo reynaudii. Imapezeka kuyambira kumwera kwa Angola mpaka ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, kumene asodzi amaiwedza pamanja, ndipo yambiri imagulitsidwa kumwera kwa Ulaya.

Zaka ndi magulu

M'mutu mwa chokka muli timiyala tiwiri timene timawonjezera mzere umodzi tsiku lililonse. Powerenga mizereyi, akatswiri apeza kuti chokka imakhala ndi moyo pafupifupi chaka chimodzi chokha. Motero m'nyanjamo mulibe makolo a zaka zambiri oti angabwezeretse mbewu chaka chikavuta. Zogwidwa chaka chino ndi ana a zomwe zinaswana chaka chatha.

Kupima chibadwa kwasonyeza kuti magulu oswana kugombe la South Africa sasiyana kwenikweni, pomwe chokka za ku Angola zili ndi kusiyana koonekeratu. Choncho kugwira mopyola muyeso pamalo amodzi ku South Africa kumakhudza gombe lonselo.

Malo ndi nthawi yoswana

Chokka zimaswana chaka chonse, koma kwambiri m'chilimwe, makamaka Novembala ndi Disembala. Zimasonkhana pafupi ndi gombe pakati pa Plettenberg Bay ndi Port Alfred, kawirikawiri m'madzi akuya mamita 20 mpaka 50. Zazimuna zikuluzikulu zimalondera zazikazi, pamene zazimuna zing'onozing'ono zimazembera n'kukwera mothamanga. Yaikazi imamata timatumba ta mazira, tooneka ngati zala, pamchenga kapena pamiyala yafulati. Kathumba kamodzi kamakhala ndi mazira oposa 100.

Poyesa m'matanki, mazira anaswa bwino m'madzi a madigiri 12 mpaka 17. Madzi akatentha kapena kuzizira kwambiri kupitirira apa, mazira ambiri amafa kapena kuswa ana opunduka. Ana oswedwa amatengedwa ndi mkokomo wa madzi, ndipo kupulumuka kwawo kumadalira kufika pamalo pomwe pali chakudya.

Tanthauzo lake kwa alangizi

Asodzi amagwira chokka zambiri pamalo pomwe zasonkhana kuti ziswane. Chifukwa chake boti limatha kudzaza ngakhale chiwerengero cha chokka m'nyanja chikutsika. Mu 2013 zogwidwa zinatsika kwambiri ndipo mabanja ambiri a asodzi anasowa podalira. Boma la South Africa limatseka usodziwu kwa milungu isanu mu Okutobala ndi Novembala, komanso limachepetsa kuchuluka kwa asodzi ololedwa.

Alangizi aziphunzitsa kuti kudzaza boti nthawi yoswana si umboni woti nyama zachuluka. Kwa chamoyo cha chaka chimodzi, nyengo imodzi yoswana ikaonongeka, usodzi wa chaka chotsatira umagwa.