Sylvia Moy: Mayi Amene Adapempha Mwana Wokanidwa

Amayi anzanga, mlungu uno tayamba taika pambali nkhani za kuphika ndi kusoka. Ndifuna ndikuuzeni za mayi wina wa ku America amene ambiri a inu simunamvepo dzina lake, ngakhale kuti ntchito yake mudaimva pa wailesi, mwinanso mudaivina pa ukwati. Mayiyo ndi Sylvia Moy.

Mutafunsidwa kuti Stevie Wonder ndani, ambiri mungayankhe msanga kuti ndi woimba wosaona uja wa magalasi akuda, amene nyimbo zake zidafika pa dziko lonse. Koma ndi angati adziwa kuti woimbayu ali ndi zaka 15 adatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, ndipo kuti amene adamuimira pa tsikulo adali munthu wamayi?

Mayi Moy adabadwa pa 15 September 1938 mu mzinda wa Detroit, m'banja la ana 9. Detroit ndi mzinda wa mafakitale a galimoto, ndipo anthu akuda ambiri adasamukira kumeneko kuchokera kumwera kwa dzikolo kukafuna ntchito. Popita adatenga ndi nyimbo zawo za m'tchalitchi, zoimba mopolokezana ndi kuwomba m'manja. Nyimbo zimenezi zitasakanizidwa ndi za magule a m'tauni, padabadwa mtundu wa nyimbo wotchedwa soul.

Mu 1959 bambo wina wa mu mzindawo, Berry Gordy, amene adagwirapo ntchito m'fakitale ya galimoto, adakongola madola 800 m'thumba limene a pa banja lake ankasonkherana, monga tichitira ife ndi banki mkhonde. Ndi ndalamazo adayambitsa kampani yojambula nyimbo imene idadzatchuka ndi dzina loti Motown. Situdiyo yake idali m'nyumba wamba pa msewu wa West Grand Boulevard.

Mu 1963 Marvin Gaye ndi Mickey Stevenson, anthu a ku Motown, adamva Mayi Moy akuimba pa malo ena achisangalalo otchedwa Caucus Club, ndipo adawaitanira ku kampaniyo. Iwo adapita ndi mtima woti akhala woimba. Koma kumeneko adapeza kuti oimba ngambiri, chosowa ndi nyimbo zoti aziimba. Motero adapemphedwa kuti ayambe apeka nyimbo, zoimbazo zibwera pambuyo.

Apa mpofunika kudziwa kuti pa nyimbo imodzi pamakhala manja ambiri. Pali wopeka, amene aluka mawu ndi chuni. Pali woyang'anira kajambulidwe, amene asankha oimba ng'oma, magitala ndi malipenga, namvetsera pamene palakwika, nabwezetsa mpaka zitakoma. Ameneyu ali ngati mayi wotsogolera zophika pa ukwati: sakhala ku gome la ulemu, koma mchere ukachepa mlandu ngwake. Pomalizira pali woimba, amene nkhope yake ioneka pa chikuto. Mayi Moy ankagwira ntchito ziwiri zoyambazo, ndipo amawerengedwa kuti ndiwo mayi woyamba ku Motown kuzigwira zonse ziwiri.

Tsono nayi nkhani ya mwana uja. Stevie adabadwa mu 1950 masiku asanakwane, ndipo adasiya kuona akadali khanda. Adalowa ku Motown ali ndi zaka 11. Mu 1963, ali ndi zaka 13, nyimbo yake yotchedwa "Fingertips" idakhala pa nambala 1 m'dziko lonse la America. Aliyense adamkonda kamnyamata koimba ndi mawu okoma. Koma ubwana sukhalitsa. Pamene ankatha msinkhu mawu ake adasintha nayamba kumveka achibambo, ndipo nyimbo zotsatira sizidagulidwe kwenikweni. Akuluakulu a kampani adayamba kuganiza zomusiya. Pa msonkhano wogawana oimba, panalibe amene adadzipereka kumtenga.

Mayi Moy adapita kwa akuluakuluwo kukapempha kuti mnyamatayo aperekedwe m'manja mwawo. Adawalola, koma ndi pangano lakuti apeze nyimbo yoti igulidwe. Zikakanika, mnyamatayo apita.

Taonani mmene adachitira. Sadafike ndi nyimbo yawoyawo kuti amkakamize. Adamkhazika pa piyano namuuza kuti aimbe tizidutswa tonse timene ankasunga m'mutu mwake. Adamvetsera kamodzikamodzi, osapezapo kanthu. Chakumapeto kwenikweni mnyamatayo adaimba kachidutswa kena kamene iye mwini sankakawerengera. Mayi Moy adakatola, nakalukira mawu, ndipo Henry Cosby adathandiza kukonza zoimbira.

Pa tsiku lojambula padabuka vuto lina. Mawu a nyimboyo adali asanalembedwe m'zilembo za Braille, zimene anthu osaona awerenga ndi zala. Mayi Moy sadaimitse ntchito. Adaima pa makina namuimbira mzere uliwonse kupyolera m'zomvetsera za kumakutu, iwo patsogolo, iye pambuyo, kufikira nyimbo yonse itatha. Nyimboyo ndi "Uptight (Everything's Alright)". Idatuluka mu November 1965, ndipo kumayambiriro kwa 1966 idafika pa nambala 3 m'dziko lonselo. Nkhani yochotsa mnyamatayo idathera pomwepo.

Kuchokera apo nyimbo zidangotsatana. Mu 1967 adapeka "I Was Made to Love Her", ndipo pa mndandanda wa oipeka palinso dzina la mayi wake wa Stevie, Lula Mae Hardaway. Mu 1969 kudatuluka "My Cherie Amour", imene Stevie adaiyamba ndi dzina la mtsikana wina, koma Mayi Moy adasintha naikamo mawu a Chifalansa kuti ikhale nyimbo ya aliyense. Sadathandize Stevie yekha ayi. Mu 1966 adapeka nawo "It Takes Two", imene adaimba Marvin Gaye ndi Kim Weston, ndiponso "This Old Heart of Mine" ya gulu la Isley Brothers. Mu 1967 adapekera gulu la amayi la Martha and the Vandellas nyimbo ya "Honey Chile".

Koma pali chinthu chimodzi chowawa. Pa mbale za galamafoni dzina la wopeka linkalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa mutu wa nyimbo, ndipo pamenepo dzina la Moy lilipo. Koma pa malo a woyang'anira kajambulidwe, pa mbale ya "Uptight" padalembedwa maina a amuna okhaokha. Masiku amenewo ntchitoyi inkaonedwa ngati ya abambo. Kodi zimenezi nzachilendo kwa ife? Ndi kangati pamene mwalima, mwakolola, mwaika m'nkhokwe, koma poyamikira anthu nkutchula dzina lina?

Mu 1972 kampani ya Motown idasamukira ku Los Angeles. Mayi Moy adatsala kwawo ku Detroit. Kumeneko adatsegula situdiyo yawoyawo, nakhazikitsanso bungwe lotchedwa Center for Creative Communications lophunzitsa ana ochokera m'mabanja osauka luso la zoimba ndi zojambula. Chimene adachitira mwana mmodzi adachichitiranso ana ambiri. Ulemu udabwera mochedwa: mu 2006, patapita zaka zoposa 40 chijambulire "Uptight", dzina lawo lidalembedwa m'kaundula wa akatswiri opeka nyimbo wotchedwa Songwriters Hall of Fame. Adamwalira pa 15 April 2017 ali ndi zaka 78.

Nanga ife amayi titolepo chiyani?

Tsiku lina pa msonkhano wa gulu lathu mayi wina adadandaula za mwana wake wamwamuna wa zaka 15. Adati ali wamng'ono adali womvera ndi wanzeru m'kalasi, koma tsopano wasanduka wamwano, ndipo bambo ake atsimikiza zomtumiza kumudzi kwa agogo. Tonse tidamumvera chisoni mayiyo, koma palibe amene adafunsa kuti mwanayo amakonda chiyani. Inenso sindidafunse. Ndidakumbukira ndili m'njira yobwerera kunyumba, ndipo ndidachita manyazi.

Msinkhu umenewu ndiwo woopsa. Mwana akadali wamng'ono aliyense amunyamula. Akakula nkupeza bwino aliyense amati ndi mbale wake. Koma pakati apa, pamene mawu asintha, zovala zamthina, ndipo iye mwini sadzidziwa, ndi pamene ambiri timtaya. Akakhala wolumala ndiye timtaya msanga koposa. Stevie sadali mwana wa Mayi Moy, koma iwo adachita zimene akulu adanena, kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sadamkalipire, sadamumvere chisoni chabe ayi. Adakhala naye pansi namvetsera kufikira atapeza chimene ali nacho, ndipo pamene pepala lidalephera adamthandiza ndi pakamwa pawo.

Mnyamata amene adatsala pang'ono kutayidwa uja adadzalandira mphotho za Grammy zokwana 25. Akadamtaya mu 1965, bwenzi dziko litamva ngakhale imodzi mwa nyimbo zake za m'tsogolo?

Tsono ndikusiyirani zopempha ziwiri. Choyamba, yang'anani m'nyumba mwanu, pa mpingo panu kapena m'mudzi mwanu: alipo mwana amene onse amgwetsera mphwayi. Muitaneni, mumfunse chimene adziwa kuchita, ndipo mumvetsere kufikira kumapeto, popeza chabwinocho mwina chidzatuluka pomalizira. Chachiwiri, pa msonkhano wanu wotsatira, mukamaimba nyimbo ya gulu lanu kapena ya kwaya, funsani kuti adaipeka ndani. Akakhala kuti ali pomwepo, muwombereni m'manja akumva, ndipo mlembi alembe dzina lake m'buku la gulu ndi zilembo zazikulu.