ANYANI A PA KANEMA AKUWERUZA ANTHU PA MLANDU WA NKHONDO

Kumudzi nyani ndi mbala ya cimanga, yopirikitsidwa ndi agalu ndi miyala. Koma m'makomboni a Lusaka monga Kanyama, Matero, Chawama ndi George, ana amapenya pa kanema anyani amene amalankhula, amakwera akavalo ndi kunyamula mfuti. Makolo ena amaziyesa zacibwana, ena amaopa kuti ziphunzitsa ana ndeu. Kodi mafilimu amenewa amanenanji?

Nthanoyi inayamba ndi buku la Pierre Boulle wa ku France m'caka ca 1963. Mu 1968 anthu a ku America anapanga filimu yochedwa Planet of the Apes. M'menemo mwamuna wina, amene mbali yace anasewera Charlton Heston, agwa ndi combo ca mumlengalenga pa dziko limene anyani ndiwo olamulira, ndipo anthu ndi osalankhula, osakidwa ngati nyama za m'thengo. Potsiriza apeza cifanizo cacikuru ca mu mzinda wa New York citakwiririka mumcenga. Pamenepo azindikira kuti dzikolo ndi lathu lomweli, ndi kuti anthu analiononga okha ndi mabomba. Pofika 1973 mafilimu otere anali atakwana 5.

Mafilimu ena atsopano anaturuka mu 2011, 2014, 2017 ndi 2024. Atatu oyambawo asimba za nyani wanzeru dzina lace Caesar, amene anaika lamulo loletsa anyani kuphana okhaokha. Koma mnzace Koba, amene anthu anamzunza poyesera mankhwala, anasunga cidani, nawombera mfumu yace, nabutsa nkhondo. Pambuyo pace Caesar mwini, asilikari atamphera mkazi ndi mwana, anayamba kulakalaka kubwezera, napeza kuti mtima wace wafanana ndi wa Koba.

Anyani a mtundu wa Caesar, ochedwa cimpanzi, si a m'nthano cabe ai. Ku Gombe m'dziko la Tanzania, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, mai Jane Goodall ndi anzao anaona gulu limodzi la nyamazi likugawikana pawiri. Kuyambira 1974 kufikira 1978 mbali imodzi inasaka ndi kupha amuna a mbali inayo kufikira inatha psiti, cinkana kale anali kudyera pamodzi.

Kuno kwathu ziliko ku Chimfunshi, pafupi ndi Chingola, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Mu 1983 bambo David Siddle ndi akazi ao mai Sheila analandira kamwana ka cimpanzi kovulala koopsa, kolandidwa kwa opha nyama mosaloledwa, nakalera nakacha Pal. M'kupita kwa zaka nyama zosungidwa kumeneko zinapitirira 100, zambiri za izo ana amasiye amene amai ao anaphedwa ndi anthu.

Nkhondo nayo si mlendo ku Lusaka. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa mzindawu, ndipo anthu ambiri anafa. Mu Epulo 1979 asilikari a dziko lomwelo analowa mu Lusaka usiku nagumula nyumba ya a Joshua Nkomo. Akuluakulu a m'makomboni amene anaona masiku amenewo akali ndi moyo, koma adzukulu ao nkhondo amaidziwira pa kanema pokha.

Tsono kholo lanzeru lisangozima kanemayo, ndiponso lisasiye ana ang'onoang'ono kupenya okha, pakuti muli kuphana kwambiri. Likhale nao pansi ndi kuwafunsa kuti: Ndani anayamba cidani? Kodi kubwezera kunampindulira ciani Koba? Pamenepo agogo asimbe za Chikumbi, kuti ana adziwe kuti mfuti zenizeni zimasiya maliro enieni. Akale anati anyani sasekana zikundu. Munthu woseka anyani a pa kanema cifukwa ca nkhondo zao ayambe wadzipenya yekha.