Thumba la Mpweya m'Galimoto: Malo a Mwana ndi Kumbuyo

Galimoto ikaima kuti itenge mayi wopita ku sikelo, anthu amayesa ulemu kumupatsa mpando wakutsogolo, khanda lili pamiyendo. Koma m'magalimoto ambiri a masiku ano, monga aja ochokera ku Japan, malo amenewo ndiwo oopsa koposa kwa mwana, pakuti patsogolo pake pamabisala thumba la mpweya.

Thumba limeneli ndi la nsalu ya nayiloni. Lina limapindidwa pakati pa chiwongolero, lina pa dashibodi, moyang'anana ndi wokhala pambali pa dalaivala. Pamene pali thumba pamalembedwa mawu akuti SRS kapena AIRBAG. Galimoto ikawomba chinthu mwamphamvu, tizipangizo tamagetsi timamva kuima kwadzidzidziko ndi kuyatsa mankhwala otulutsa mpweya wa nayitrojeni. Thumbalo limang'amba chivundikiro chake pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola, ndipo limadzaza munthu asanaphethire. Kenaka limaphwa kudzera m'timabowo, kotero kuti mutu ndi chifuwa zimagwera pofewa m'malo mwa chitsulo kapena galasi.

Amisiri anapangira thumbali munthu wamkulu womanga lamba. Lamba ndiye amamugwira kuti akafike pathumba litadzaza kale. Wopanda lamba amaponyedwa kutsogolo nakumana nalo likuphulika kumene. Mwana wapamiyendo amapanikizika pakati pa thumba ndi chifuwa cha amayi ake, ndipo khosi lake lanthete silingapirire nkhonya yotero. Palibe dzanja la mayi limene lingamugwire panthawiyo.

Chifukwa chake ana osakwana zaka 13 ayenera kukhala kumbuyo, atamangidwa bwino. Kampando ka khanda koyang'ana kumbuyo kasaikidwe konse kutsogolo kumene kuli thumba. Dalaivala asiye mpata wa masentimita 25 pakati pa chifuwa ndi chiwongolero. Wokhala pambali pake akankhire mpando kumbuyo, akhale chowongoka, ndipo asaike mapazi pa dashibodi. Mayi woyembekezera amange lamba nayenso, wam'munsi adutse m'chiuno pansi pa mimba, wam'mwamba pakati pa mabere.

Eni magalimoto nawo ali ndi udindo. Thumba limagwira ntchito kamodzi kokha. Likaphulika pafunika latsopano. Nyali yake ya pa dashibodi ikapanda kuzima injini italira, galimoto ionedwe ndi makaniko. Matumba ambiri a kampani ya Takata, imene inagwa m'chaka cha 2017, anapezeka kuti mankhwala ake amaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, nkumwaza tizitsulo pophulika. Mwini galimoto yakale afunse kwa ogulitsa mtundu wa galimotoyo ngati thumba lake liyenera kusinthidwa.

Munthu amene wawombedwa ndi thumba apite kuchipatala ngakhale asaone bala, popeza kuvulala kwa m'kati ndi kwa maso sikuoneka msanga. Ndipo mayi wokana mpando wakutsogolo chifukwa cha mwana wake sanachite mwano, wateteza moyo.