ZOTUPA ZA M'IMPSO SI ZA MTUNDU UMODZI

Munthu wamkulu akakodza magazi, ambiri amangoti ndi likodzo. Nthawi zina cimakhala cotupa m'impso, ndipo mankhwala ake amadalira mtundu wa cotupaco.

Akatswiri tsopano amapima kacidutswa ka cotupa kuti aone majini, timalangizo ta m'maselo, amene akugwira nchito ndi amene agona. Mu 1993 ku America anapeza jini ya VHL. Ikaonongeka, monga zimakhalira mu kansa yofala ya clear cell, maselo amapanga puloteni ya CA9 yambiri, imene imaoneka ku labu.

Zobvuta ndi chromophobe ndi oncocytoma. Pa maikulosikopu zimafanana ngati mapasa, koma oncocytoma si kansa. Kawirikawiri cozisiyanitsa ndi puloteni ya CK7, yocuruka mu chromophobe.